Windows 11 ndi mapulogalamu athu a mu labu: mafunso ndi mayankho kwa anzathu a ku Harare

Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mafunso amene ndikulandira ndi omwewomwewo. Ofunsa ambiri ndi anzathu olankhula Chichewa amene tili kuno ku Harare, ena akuphunzira ku UZ (University of Zimbabwe) ku Mount Pleasant, ena ku HIT (Harare Institute of Technology) ku Belvedere, ena ali m'malabu a zipatala ndi a zaulimi, ndiye ndangoti ndiwaike pamodzi kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira izi basi. Sindinawasanje bwinobwino ayi, werengani lomwe likukukhudzani.

Kodi Windows 10 yanga yafa tsopano?

Ayi sinafe. Kompyuta iziyakabe, SPSS yanu izitsegukabe ngati kale. Chomwe chaima ndi ma apudeti a chitetezo, ndiye kuti pakapezeka kabowo kolowera ma virus palibenso wodzatseka, pokhapokha mutalowa mu ndondomeko yomwe akuitcha ESU, yopitiriza kulandira ma apudeti a chitetezowo kwa kanthawi. Kwa munthu wamba Microsoft inalengeza mu 2025 kuti ESU ifika pa 13 Okutobala 2026, mtengo wake madola 30 aku America, kapena ulere ngati mwalowa ndi akaunti ya Microsoft n'kuvomera kuti ma settings anu azisungidwa kwa iwo. Makampani amayambira pa madola 61 pa kompyuta imodzi ndipo mtengowo umawirikiza chaka ndi chaka, pomwe masukulu anawachepetsera kwambiri, dola imodzi chaka choyamba, ziwiri chachiwiri, zinayi chachitatu. Koma Windows 10 yanuyo ikhale ya version 22H2, lembani winver pa Start muone.

Ndiye ndingopanga upgrade lero lomwe?

Zimatengera kuti kompyutayo imagwira ntchito yanji. Ngati ndi yolembera ma assignment, kuonera mpira ndi WhatsApp, pangani basi palibe choopa. Koma ngati muli pakati pa analysis ya thesis, chaputala 4 chili theka, a supavaiza akudikira ma table Lachisanu, achimwene musayerekeze n'komwe, kumeneko kuli ngati kumasula injini ya kombi ili pa Copacabana anthu atadzaza kale. Malizani, perekani, mukadutsa defence ndiye muzisintha zomwe mukufuna.

Zomwe ndaona ine n'zakuti pulogalamu yeniyeniyo sikawirikawiri kuvuta. Stata, SPSS, MATLAB ndi R za zaka zaposachedwazi zimayenda pa Windows 11 osadandaula. Zopweteketsa mutu ndi tinthu tozungulira pulogalamuyo, laisensi, ma driver, ka dongle kaja kamabayidwa kumbuyo, ma package, komanso foda yomwe yasuntha malo osakutsanzikani. Ndiye musanadine batani lililonse tengani pepala, lembani pulogalamu iliyonse yomwe ntchito yanu imadalira ndi version yake, kenako pitani pa tsamba la eni ake pomwe amalemba kuti System requirements muone ngati version yanuyo, osati yatsopano yomwe akugulitsa panopa, ili ndi Windows 11 pamndandanda.

Laputopu yanga ndi core i5 koma ikukana Windows 11, zikutheka bwanji?

Ambiri a ife malaputopu tinagula a second hand m'tauni muno, ma HP EliteBook, ma Dell Latitude, ma ThinkPad, sitika ya i5 kapena i7 ikuwala bwinobwino, ndiye munthu amadabwa akauzidwa kuti makina ake sakukwanira. Nkhani ili pa m'badwo wa purosesa. Windows 11 inatuluka pa 5 Okutobala 2021 ikufuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, RAM yosachepera 4 GB, malo 64 GB, Secure Boot, ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Onani nambala ya purosesa yanu, i5-6300U yayamba ndi 6 ndiye yakanidwa, i5-8250U yayamba ndi 8 ndiye yalowa.

Nthawi zina purosesa ili bwino koma TPM inangozimitsidwa mu BIOS. Lembani tpm.msc pa Start, ikati siikupezeka lowani mu BIOS mufufuze Intel PTT kapena AMD fTPM muyatse. Anthu ena agula laputopu ina chifukwa cha kaswichi kameneka, zomvetsa chisoni ndithu.

Anyamata okonza makompyuta akuti angathe kuikakamiza ilowe, ndivomere?

Zoona zimatheka, ndi pulogalamu ya Rufus amachotsa zoyezera zija n'kuiika. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otero siikulonjeza kuwapatsa ma apudeti, ndipo Windows 11 ya version 24H2 itatuluka mu 2024 mapurosesa akalekale amene alibe SSE4.2 anakanika ngakhale kuyaka nayo. Pa laputopu ya kunyumba zili kwa inu. Pa kompyuta ya labu ayi.

Pulogalamu yathu ndi yakalekale, ya 32-bit, iyenda?

Nthawi zambiri inde. Windows 11 payokha ilibe mtundu wa 32-bit koma mapulogalamu a 32-bit imawayendetsabe bwinobwino. Amene sayenda n'komwe ndi a 16-bit, a nthawi ya DOS ndi Windows 3.1, ndipo pali ka msampha apa, pulogalamu ina imakhala ya 32-bit koma setup yake ndi ya 16-bit, ndiye imakana pa khomo pomwe. Zikatero njira ndi virtual machine, VirtualBox ndi yaulere, mumaikamo Windows yakale mkati mwa yatsopanoyo.

Ina ikamatseguka imafuna .NET Framework 3.5, imeneyi simabwera yoyatsa kale, pitani pa Turn Windows features on or off muchonge, koma pamafunika intaneti. Mukhozanso kuyesa kudina kumanja pa pulogalamuyo, Properties, Compatibility, n'kusankha Windows 7, nthawi zina zimathandiza nthawi zina ayi.

Nanga kompyuta yolumikizidwa ku makina, monga HPLC, spectrophotometer, PCR kapena kamera ya maikulosikopu?

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa kompyuta imeneyo musamaione ngati kompyuta wamba, ndi chiwalo cha makinawo. Inabwera nawo limodzi, injiniya anaika pulogalamu ndi ma driver ogwirizana ndi Windows ya nthawi imeneyo, ndipo mwina kampaniyo inasiya kale kupanga ma driver atsopano a model yanuyo. Mukaisintha Windows pulogalamu itha kutseguka bwinobwino, mitundu yonse kuoneka, koma pansi pakona n'kulemba kuti instrument not connected, basi ntchito yaima, ma sample ali mu firiji akudikira, injiniya woti abwere mwina achokere ku Johannesburg ndipo tikiti ndi hotelo ndi zanu.

Zovuta zake zimabwera motere. Choyamba Windows 11 ili ndi chitetezo chotchedwa Memory integrity, mumachipeza pa Windows Security, Device security, Core isolation, chimenechi chimakana ma driver akale, ndipo pa makina atsopano chimabwera choyatsa kale. Chachiwiri ndi tizingwe tija ta USB kupita ku serial, tomwe timalumikiza sikelo, pH meter kapena data logger. Tambiri totchipa tili ndi chip ya Prolific PL2303 ya mtundu wakale, Windows 11 siitivomera, mukatsegula Device Manager mupeza m'malo mwa dzina la chingwe mwalembedwa uthenga wa zilembo zikuluzikulu wokuuzani kuti muike driver yoyenera. Kugula chingwe cha chip ya FTDI kumathetsa nkhaniyi mosavuta kusiyana ndi kulimbana ndi ma driver usiku wonse. Chachitatu ndi chaching'ono koma chalizitsa anthu, nambala ya COM imasintha. Pulogalamu ikufufuza makina pa COM3 pomwe Windows yatsopano yawapatsa COM5. Mu Device Manager dinani kawiri pa port imeneyo, Port Settings, Advanced, mubwezeretse nambala yakale ija, ndiye chifukwa chake ndimati jambulani Device Manager ndi foni musanagwire chilichonse. Ndiye palinso dongle ya laisensi, ma Sentinel HASP aja, driver yake yakale imatha kugwetsa Windows yonse mpaka sikirini ya buluu, muike yatsopano kuchokera kwa eni ake musanapange upgrade osati pambuyo.

Kwa amene muli m'malabu ovomerezeka pa ISO 15189 kapena ISO/IEC 17025, kaya kudzera ku bungwe lovomereza malabu la SADCAS, kumbukirani kuti kusintha zinthu pa kompyuta yotulutsa zotsatira kumafuna kulembedwa ndi kuyesedwanso kuti manambala akutuluka chimodzimodzi. A quality manager adziwe kaye, musawadzidzimutse tsiku la audit.

Ndiye tiisiye choncho pa Windows 10 kapena 7 yopanda chitetezo?

Inde, koma muichotse pa intaneti. Zulani chingwe cha netiweki, zimitsani Wi-Fi, ndipo pakhale fulashi imodzi yokha ya labu yotengera data, yomwe imayesedwa pa kompyuta ina yokhala ndi antivirus yatsopano. Fulashi ya mwana wasukulu yomwe yangochoka ku photocopy m'tauni isabayidwe pamenepo olo apemphe bwanji. Ngati makinawo akufunikadi netiweki, a IT afunse za Windows 10 LTSC, mtundu womwe umasamalidwa kwa nthawi yaitali, Enterprise LTSC 2021 ikusamalidwa mpaka Januwale 2027 ndipo IoT Enterprise LTSC 2021 mpaka Januwale 2032, makampani ambiri opanga makina a mu labu amagwiritsa mitundu imeneyi. Komanso tengani image ya hadi disiki yonse, Clonezilla ndi yaulere, chifukwa disiki ya zaka khumi ikafa ma CD a pulogalamuyo mwina palibenso akudziwa kabati yomwe anasungidwa.

Laisensi yanga ya SPSS, Stata kapena MATLAB itayika?

Pali njira ziwiri zolowera mu Windows 11 ndipo zimasiyana kwambiri pa nkhani imeneyi. Upgrade ya pamwamba pa Windows 10, yosunga mafayilo ndi mapulogalamu, nthawi zambiri laisensi imatsala. Koma kufufuta zonse n'kuyamba pachiyambi, kumene anyamata a m'tauni amakonda chifukwa n'kwachangu, kumapita ndi chilichonse. SPSS imamangirira laisensi ku makina kudzera mu lock code, ndipo authorization code ili ndi malire a kangati mungaigwiritse ntchito, ndiye funsani kaye ku dipatimenti kapena komwe munaitenga ngati angakupatseninso. Stata imasunga yake mu kafayilo kotchedwa stata.lic mu foda yomwe inaikidwa, koperani kameneko komanso sungani serial number, code ndi authorization zomwe zinabwera pogula. MATLAB ndi bwino kuichita deactivate kaye, mudzaichitenso activate ndi akaunti yanu ya MathWorks.

Ndikudziwa ena mukuwerenga mwakachetechete chifukwa SPSS yanu munapatsidwa pa fulashi ndi mnzanu wa chaka chachinayi. Imeneyo Windows Defender imakonda kuidya mafayilo mukangosintha Windows, ndipo sindikuthandizani kuibwezeretsa, zinthu zoswedwa zimenezi n'zomwe zimabweretsa ma virus m'malabu. jamovi ndi JASP n'zaulere, zili ndi mabatani ngati SPSS ndipo zimatsegula mafayilo a .sav, t-test, ANOVA, chi-square, regression zonse zilimo. Kwa a MATLAB kuli GNU Octave, ma script ambiri osafuna toolbox yapadera amayenda.

Ndatsegula RStudio, ma package anga onse asowa, script ikungolira kuti cannot open file

Zinthu ziwiri zasakanikirana apa. Ma package a R amakhala mu foda ya version yake, 4.3 payokha 4.4 payokha, ndiye ngati pokonza kompyuta munaikanso R yatsopano muyenera kuwaikanso onse. Kuyambira R 4.2.0 ya mu Epulo 2022 foda imeneyi inachoka mu Documents kupita ku AppData\Local, R ya 32-bit pa Windows inathera pomwepo, ndipo Rtools iyenera kugwirizana ndi R yanu, Rtools44 ya R 4.4, Rtools45 ya R 4.5. Musanasinthe, sungani mndandanda wa installed.packages() mu fayilo ya csv, kapena phunzirani renv imene imalemba version ya package iliyonse ya project yanu.

Za cannot open file zija kawirikawiri ndi OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti. Pokhazikitsa Windows 11 imakunyengererani kuti mupange backup ya mafoda, mukangodina Next Next osawerenga, Documents yanu imasamukira mkati mwa OneDrive, ndiye C:/Users/dzina/Documents yomwe munalemba mu setwd() kapena mu cd ya do-file ya Stata kulibenso. Choipa china imayamba kukweza data yanu yonse kumwamba ndi bandulo yanu ya Econet kapena NetOne, ndipo ngati ndi data ya odwala imeneyo ndi nkhani inanso ndi a ethics. Ine ndimakonda foda ya C:/ntchito, dzina lalifupi lopanda mipata, kutali ndi OneDrive.

Nanga Python?

Python payokha ilibe vuto ndi Windows 11. Vuto ndi loti munthu akayamba pachiyambi amatsitsa yatsopano kwambiri, ndiye code ya zaka zitatu zapitazo imagwa. Python 3.12 inachotsa distutils, NumPy 2.0 ya mu Juni 2024 inaswa ma package ambiri omwe anamangidwa pa yakale, Python 2 ndiye inatha kalekale pa 1 Januwale 2020. Pangani conda env export kapena pip freeze mudakali pa Windows yakale, fayiloyo muisunge pamodzi ndi code.

Ndimagwiritsa ArcMap pa mapu anga, ndichite bwanji?

ArcMap 10.8.2 ndi yomaliza, ina sidzatulukanso, ndipo Esri inalengeza kuti ikuipumitsa pa 1 Malichi 2026. Imayenda pa Windows 11 koma ndi ya 32-bit ndipo ma script ake ndi a Python 2.7. ArcGIS Pro imatha kulowetsa mafayilo a .mxd koma imafuna laputopu yamphamvu, pa 4 GB RAM mungolira nayo. Kwa ambiri a geography ndi zaulimi QGIS ikukwanira ndipo siifuna laisensi, ma shapefile anu imawatsegula momwe alili, kungoti maonekedwe a mapu mudzawakonzanso.

Ine ndili pa MacBook, zikundikhudza?

Zanu ndi zina koma zilipo, tinganene kuti Apple ndiye siichedwa kutaya zakale. Kuyambira macOS Catalina mu 2019 mapulogalamu a 32-bit sayenda n'komwe. Mu Novembala 2020 kunabwera chip ya M1, mapulogalamu a Intel amayendera Rosetta 2, ndipo macOS Tahoe 26 ya mu Sepitembala 2025 ndi yomaliza kulowa pa ma Mac a Intel. Potsitsa R onetsetsani kuti mwatenga ya arm64 ngati Mac yanu ndi ya M, ndipo MATLAB inayamba kuyenda payokha pa chip imeneyi kuyambira R2023b. Chizolowezi chabwino pa Mac n'kudikira miyezi ingapo macOS yatsopano ikatuluka, eni mapulogalamu alengeze kaye kuti ayiyesa, chifukwa kubwerera m'mbuyo pa Mac kumafuna kufufuta disiki yonse.

Bwanji ndingosamukira ku Linux?

Kwa laputopu yokanidwa ndi Windows 11 ndi nzeru ndithu, makamaka ngati ntchito yanu ndi R, Python, QGIS kapena bioinformatics, ndipo mudzazolowera zomwe mukakumane nazo pa makompyuta akuluakulu ngati a ku Zimbabwe Centre for High Performance Computing ku UZ. Tengani ya LTS, yosamalidwa kwa nthawi yaitali, monga Ubuntu 24.04, musatenge 20.04 chifukwa chisamaliro chake chaulere chinatha mu Meyi 2025, CentOS 7 nayo inatha pa 30 Juni 2024. Pa 24.04 mukalemba pip install idzakukanizani ndi uthenga wa externally-managed-environment, sikuti yawonongeka, ikufuna mupange venv, foda yapadera yoikamo ma package a project yanu. Koma ArcGIS Pro ndi mapulogalamu ambiri oyendetsa makina a mu labu kulibe ku Linux, komanso a supavaiza akamafuna track changes mu Word mudzavutikako pang'ono. Amene muli kale pa Windows 11 yesani WSL, imakupatsani Ubuntu mkati momwemo.

Excel yayamba kuika data yonse mu column imodzi, manambala akuoneka ndi comma (,)

Onani Region. Laputopu zambiri zogulidwa ku Musina kapena Johannesburg, kapena zomwe wokonza anangosankha South Africa poika Windows, zimalemba 3,5 m'malo mwa 3.5 ndipo csv zimaigawa ndi semicolon. Pulogalamu ya makina imatha kuwerenga manambala molakwika osakuchenjezani. Control Panel, Region, Additional settings, decimal symbol ikhale kadontho, list separator ikhale comma (,).

Kodi zotsatira za analysis zingasinthe chifukwa cha upgrade?

Chifukwa cha Windows yokha, mwina pa manambala akutali kwambiri kumapeto kwa kadontho, osati zoti zisinthe p-value yanu. Koma version ya pulogalamu ikasintha zimatheka ndithu. Chitsanzo chodziwika ndi R 3.6.0 ya mu 2019 yomwe inasintha mmene sample() imasankhira, moti set.seed() yomweyo inayamba kutulutsa anthu ena, ndiye amene munapanga randomisation kapena bootstrap pa R yakale muyenera kulemba RNGkind(sample.kind = "Rounding") kuti mupeze zakale zija. Ndiye yendetsani analysis imodzi yomwe mukuidziwa bwino musanasinthe, sungani output ndi sessionInfo(), mukamaliza upgrade yendetsaninso mufananize mzere ndi mzere.

Magetsi akazima ili pakati? Nanga bandulo idya yochuluka bwanji?

Fayilo ya Windows 11 imapitirira 5 GB, ma apudeti obwera pambuyo pake osawerengera, ndiye pa hotspot ya foni ayi ndithu. Munthu mmodzi atsitse ndi Media Creation Tool pa Wi-Fi ya pasukulu kapena kwa mnzanu wa fibre kapena Starlink, aike pa fulashi ya 8 GB, nonse mugwiritse yomweyo, mukatsegula setup.exe muli mkati mwa Windows 10 imakupatsani mwayi wosunga mafayilo ndi mapulogalamu. Za magetsi mukudziwa nokha mmene zimakhalira ku Mufakose, Highfield kapena Dzivarasekwa, amatha kupita m'mamawa kubwera usiku anthu atagona. Laputopu ya batire yabwino imapirira, koma desktop yopanda UPS kapena inverter musaiyambitse ngati simukutsimikiza, ndipo laputopu ija yoti chaja ikangosuntha yazima muiwerenge ngati desktop. Mukamaliza ikani Wi-Fi ya foni yanu kukhala metered connection, ndipo sabata yomwe mukuyendetsa model ya usiku wonse dinani Pause updates, imalola mpaka masabata 5, kuti isadzizimitse yokha 3 koloko m'mawa.

Ndapanga kale upgrade ndipo zasokonekera, ndingabwerere?

Muli ndi masiku 10. Pitani pa Settings, System, Recovery, Go back, ikubwezerani ku Windows 10 ndi mapulogalamu anu momwe analili. Izi zimadalira foda ya Windows.old pa C:, ndi yaikulu ndipo imakopa kuifufuta disiki ikadzaza, musaigwire komanso musayendetse Disk Cleanup. Ngati masiku 10 akuchepa kuti muyese makina onse, tsegulani Command Prompt ngati administrator masikuwo asanathe mulembe DISM /Online /Set-OSUninstallWindow /Value:60, akhala masiku 60. Amene munafufuta zonse n'kuyamba pachiyambi batani limeneli kulibe, mudalira backup yanu basi. Ndipo onani ngati disiki yatsekedwa ndi BitLocker, pa 24H2 imatha kudziyatsa yokha mukaika Windows mwatsopano n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft, kiyi yake ya manambala 48 imakhala mu akaunti yomwe inagwiritsidwa ntchito poika. Ngati anakuikirani ndi wokonza makompyuta pa akaunti yake, bwererani lero akupatseni kiyiyo muilembe papepala.